Kamaiki pa jekete la apongozi

Ine kwathu ndi ku Dedza, kumene mkazi amakhala pakwawo ndipo mwamuna ndiye amabwera chikamwini kudzaopa apongozi. Nditakwatiwa ku Karonga, ku Wovwe kwenikweni, ndinapeza zinthu zili chadodolido. Sabata yoyamba yomweyo azakhali a mwamuna wanga anandikhazika pansi n'kundiuza kuti bambo a mwamuna wanga ndisawayandikire, ndisawayang'ane kumaso, ndipo dzina lawo lisatuluke pakamwa panga. Ndikawaona akubwera m'njira ndipatuke, ndilowe m'nthochi, iwonso akandiona atembenuka. Anati ndi ulemu umenewo, si chidani. Apongoziwo anali Mnkhonde wa kumpoto kwa boma, anabwera ku Wovwe kudzalima mpunga pa sikimu, ndipo mwambo wawo anabwera nawo wonse osasiyako kanthu. Mabanja ambiri oyandikana nafe anali atazileka kale zimenezo, koma pakhomo pathu ayi.

Ndinamvera, koma zinkandiwawa. Bambo anga ine anamwalira ndili kumsana, ndiye pokwatiwa ndinkati mwina ndikapeza munthu womutchula kuti bambo. Ndinamupezadi, koma kuseri kwa mpanda wa bango umene unkalekanitsa nyumba yawo ndi yathu.

Apongozi aakazi atamwalira, mphika wa nkhalambayo unagwera ine. Ndinaphunzira kuphika mbalagha, nthochi zosakaniza ndi nyama zimene anthu a kuno amazikonda ngati moyo. Mwana wanga wamkazi ankanyamula mbale kupita nayo kuseri, n'kubwera nayo yopanda kanthu. Kucheza kwathu ine ndi apongozi kunali komweko. Zovala ndinkawachapira, pakhomo pawo ndinkasesa m'mamawa asanatuluke, mankhwala ndinkakawatengera ku chipatala, koma mawu awo ndinkangowamvera patali, odutsa m'bango.

Ndiye panali alamu anga, mlongo wa mwamuna wanga, amene amagwira ntchito mu ofesi ku Mzuzu. Ameneyo akabwera, abale inu! Amatsika minibasi ndi paketi ya shuga ndi buledi, n'kulunjika pakhonde la bambo ake akufuula kuti "Tata! Tata!" Amakhala nawo pamphasa imodzi, amawavula chipewa n'kuvala iye, amawakonza kolala, amawaseka kuti akalamba. Nkhalambayo imaseka mpaka kutsokomola. Ine ndili kukhitchini utsi uli m'maso, ndikusenda nthochi zoti adye onse awiri. Ndinkadzitonthoza kuti mlendo ndi mame, mawa apita. Koma akapita, sabata yonse nkhani pakhomo imakhala ya shuga uja. Sindibisa, ndinkachita naye nsanje mlamu wangayo, nsanje yeniyeni yotentha pachifuwa, ngakhale iye sanandilakwire kanthu kupatula kubadwa m'nyumba imeneyo.

Ine ndi mwamuna wanga timajambula makanema pa maukwati, pa zinkhoswe ndi pa makwaya. Iye amagwira kamera, ine ndimatepa mawu. Tinagawana choncho chifukwa mwamuna wanga maso ali nawo, koma makutu ake ndi ongokolekapo magalasi. Mkwati akhoza kulankhula mawu osamveka ngati ali m'chitsime, iye n'kumati zili bwino. Mawu ndimatepera pafoni yanga padera, ndipo tikamayamba iye amaomba m'manja kamodzi kutsogolo kwa kamera, kuti pokonza pa kompyuta tipeze pogwirizanitsira chithunzi ndi mawu. Nthawi imeneyo tinali ndi maiki ya waya, yoti wotepa akhale pafupi ndi wolankhula.

Chaka china mvula itatha, apongozi anayamba kutupa miyendo, mpweya n'kumawathera akangoyenda pang'ono. Ndinauza mwamuna wanga kuti tiwajambule akadali ndi mphamvu, afotokoze kumene anachokera, adzukulu adzawamve. Iye anauza mlongo wake pafoni. Sabata isanathe, achibale onse mpaka a ku Lilongwe ankayamikira alamu anga kuti aganiza zanzeru. Ndinaluma mlomo. Koma mumtima ndinali ndi changa chimene ndinkadikira: munthu akamafotokoza za banja lake komaliza amatchula onse amene amawawerengera, ndipo ndinkafuna kumva ngati ine ndilimo.

Vuto linali waya uja. Kuti nditepe ndinayenera kukhala pamapazi pa apongozi, chinthu chosatheka. Alamu anati, "Si nkhani imeneyo, alamu, mungondipatsa foniyo ndi mahedifoni, ndigwira ine."

Asa! Atenge bambo, atenge ulemu wa maganizo anga, atengenso ntchito yanga? Ndinayankha mwaulemu kuti foni yangayo ndi yovuta, imafuna mwini wake. M'mawa mwake ndinakwera galimoto wa ku Chilumba. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ku Chilumba kuli bambo wina wa ku Mangochi, Msilamu, amene amagulitsa matchaja, masipika ndi tizipangizo tina ta ku Tanzania. Ananditulutsira timaiki topanda waya mitundu ingapo. Konse ndi kofanana kagwiridwe kake: kamodzi kamapanidwa pa malaya a wolankhula, kena kolandira mawu kamalumikizidwa ku foni kapena ku kamera. Anayamba ndi kotchipa kamene achinyamata amagula.

"Aka ndiye kakuyenda malonda, mayi. Mungobaya ku foni basi."

Ndinakatembenuza uku ndi uku. Kanalibe kabowo kolowetsa mahedifoni. Ndinati ayi, kutepa osamva zimene ukutepa ndi kuphika osalawa. Anatulutsa kena kokulirapo, ka timaiki tiwiri m'kabokosi kotchajira, kolandirako kali ndi kabowo. Anandionetsanso batani limene amati limachotsa phokoso. Nditalidina, phokoso la njinga zamoto linachokadi, koma mawu a bamboyo anayamba kumveka ngati akulankhulira m'botolo, ndipo akatsitsa mawu ankadukaduka. Apongozi anga mawu awo anali atafooka kale, batani limenelo likanawameza. Ndinalizimitsa, n'kulonjeza mumtima kuti sindidzalikhudzanso.

Pabokosi analemba kuti kamafika kutali kwambiri, koma kutsutsa galu n'kukumba. Ndinapana kamaiki pa mkanjo wa bamboyo n'kuwapempha ayende mumsewu akulankhula. Akundiyang'ana, mawu ankabwera bwino ngakhale ali patali. Atangonditembenukira msana, mawu anayamba kuduka, thupi lawo lomwe likutchinga. Ndinawapempha apite kuseri kwa sitolo. Khoma la njerwa linameza zonse. Kenako ndinawalozera mpanda wa bango wa nyumba yoyandikana nayo kuti akaime kuseri kwake. Anapita akung'ung'udza, ndipo kung'ung'udzako ndinakumva konse bwinobwino m'mahedifoni.

Atabwerako anafunsa, "Koma mayi, anthu onse amafuna kuona munthu amene akumujambula. Inu mukufuna kubisala bwanji? Si za ukazitape izi?"

Ndinawafotokozera za mwambo wa pakhomo pathu. Anaseka mpaka kugwira kauntala.

"Ifenso ku Mangochi apongozi timawaopa, koma osati mpaka kuwagulira makina!"

Anandiwonjezera kaubweya kovala pamwamba pa kamaiki kuti mphepo isamaphulike m'mawu. Ananena zoona, mphepo ya mwera ikayamba kuno imawononga kanema yense.

Tsiku lojambula linali Loweruka m'mawa. Mwamuna wanga anaika mpando pansi pa mtengo wa mango pabwalo la bambo ake. Ndinamuuza kuti autembenuze uyang'ane kumpanda, kumene ine ndikhale, kuti thupi la nkhalambayo lisatchinge mawu. Anamvera. Zaka zonse zija apongozi ankanditembenukira msana, tsiku limeneli anakhala moyang'ana kumene kunali ine, ngakhale bango linali pakati.

Kamaiki ndinakatchaja ndekha, kaubweya ndinakaveka ndekha, kagetsi kake ndinaona kuti kayaka. Kenako ndinayenera kukapereka m'manja mwa alamu. Ndinawalangiza kuti apane pa jekete, chikhato chimodzi pansi pa chibwano, kunja osati mkati mwa nsalu, komanso kutali ndi kamtanda kamene bambo ake ankavala m'khosi, kangamagogode. Iwo anati, "Ndamva, aphunzitsi," n'kunyamuka akuvina. Ndinayang'ana kanthu kanga kakupita kukakhudza chifuwa chimene ine sindinayandikirepo. Ndinakhala pampando waufupi kuseri kwa mpanda, pafupi ndi mphasa zoyanikapo mpunga, n'kuvala mahedifoni.

Choyamba ndinamva zala za alamu zikukhwekhwereza pa nsalu. Kenako kupuma. Mayo ine! Kupuma kwa apongozi anga m'makutu mwanga momwe, kolemera, kokhala ndi kamluzu pang'ono. Ndinachita mantha ngati ndalowa m'chipinda mwawo, mpaka ndinakoka chitenje kufunda kumutu. Anafunsa mwana wawo wamwamuna m'Chinkhonde, chimene panthawiyo ndinkachimva bwino ngakhale kulankhula kunkandivuta:

"Kopanda chingwe aka, mawu akupita kuti?"

Mwamuna wanga anati, "Akupita kwa amake ana, tata. Ali kuseri kwa mpandako, akumva zonse."

Nkhalambayo inangoti, "Hmm." Mwamuna wanga anaomba m'manja, ndipo tinayamba.

Anafotokoza bwino, osathamanga. Za kumudzi kwawo kwa nthochi ndi ng'ombe, za ulendo wobwera ku Wovwe, za mmene ankakanganirana madzi a mumgula wothirira mpunga ndi anzawo, za chaka chimene mbalame zinatha mpunga. Ndinazindikira kuti ali ndi dzino lochoka limene limaimba akamatchula mawu ena, komanso kuti asanaseke amayamba ameza malovu. Tinthu timeneti alamu anatidziwa ali khanda, ine ndinkatidziwa tsiku limenelo, tsitsi langa litayamba kale imvi.

Kenako anafika pa banja. Ndinakhala tsonga, ndinakanikiza mahedifoni ndi manja onse. Anatchula malemu akazi awo. Anatchula ana awo mmodzimmodzi. Atafika pa alamu mawu anafewa: mwana wa mtima wabwino, amene anaganiza za kanema uyu, amene anawagulira bulangete lofunda. Bulangete limene ndimachapa ine kumgula, lolemera ngati mwana wa ng'ombe likanyowa! Ndinamva alamu akuseka mwamanyazi pafupi ndi kamaiki, kenako nsalu ikukhwekhwereza, kusonyeza kuti atsamira paphewa la bambo awo. Ndinafuna kufuula kuti chokani pamenepo mukuwononga mawu, koma zoona zake si mawu amene ankandiwawa.

Anatchula adzukulu, anga omwe, n'kunena kuti ndi ana a mwana wawo wamwamuna, ngati anathothoka mumtengo wa mango uja. Anatchula ngakhale ng'ombe yawo yoyamba yolimira, dzina lake ndi mtundu wake. Ndinadikira. Anapuma, anameza malovu, n'kunena kuti a m'nyumba mwawo ndi amenewo.

Ng'ombe inalimo, ine ayi. Misozi inatentha m'maso, koma inali ya mkwiyo. Ndinaganiza kuti chibale ndi fupa sichiola ndithu, ndipo mtengwa ngakhale aphike mpaka zala kupsa amakhalabe mlendo. Ndinayang'ana foni ili pamiyendo panga ikutepa mokhulupirika matamando a munthu wina.

Pamenepo mwamuna wanga anafuula kuti batire la kamera latha, adikire akatenge lina kunyumba. Nkhalambayo inapempha madzi, alamu n'kuthamangira kumtsuko. Ine ndili ndi lamulo langa pantchito: kamera ikhoza kuima, koma mawu sindisiya kutepa mpaka kamaiki kachoke pa malaya, chifukwa pa ukwati wina ndinazimitsa msanga n'kuphonya mdalitso wa abusa. Ndiye foni inapitiriza. M'mahedifoni munali kupuma kuja basi, ndi njiwa zikulira mumtengo.

Kenako ndinamva Chichewa.

"Amama. Inu muli kuseriko. Akuti mukumva."

Pabwalo lonselo panalibe wina wofunika kumulankhula m'Chichewa koma ine. Chinali Chichewa cholemera, chopindika Chinkhonde, ndipo ankalankhula motsitsa, chibwano atagwetsera ku jekete.

"Chichewa changa ndi cha kumsika ndi kuchipatala, mundikhululukire. Pali nkhani imene ndinalibe pokuuzirani zaka zonsezi." Anapuma. "Mchere mumachulutsa."

Anameza malovu, n'kuseka, kuseka kuja kothera m'chifuwa kumene ndinkangokumvera alamu akabwera. Ine ndinagwira pakamwa.

"Koma musachepetse tsopano, ndinazolowera. Akaphika mwana wangayu ndimaitanitsa mchere, iye amakwiya."

Anatsokomola pang'ono, kenako anapitiriza.

"Pa kanemayo sindinakutchuleni. Pamaso pa anthu pakamwa panga sipangathe, makolo anandilera choncho. Nkhope yanu sindiidziwa bwino, nditakumana nanu ku boma ndikhoza kukudutsani. Koma tsache lanu ndimalidziwa. Mumayamba kusesa pakhomo panga, panu pambuyo. Ndimakhala ndili maso, ndimamva. Anandiuza kalekale kuti bambo anu simunawaone. Ine ndinali pompano, amama, kungoti pali bango."

Ndinkafuna kuyankha, koma kamaiki kamatumiza mawu mbali imodzi yokha. Kachiwiri kanali m'kabokosi pamiyendo panga, koma ngakhale ndikanakayatsa, iwo analibe chomvera. Kufuula kudutsa mpanda sindikanatha. Ndinangokhala, chitenje chili kumutu, mphuno ikuchucha.

Ngati anadziwa vuto langa, anati, "Ngati mwamva, ombani m'manja monga anachitira mwamuna wanu uja."

Ndinatsika pampando, ndinagwada pafumbi moyang'ana kumpanda, n'kuomba m'manja. Sindinaombe kamodzi ka ntchito kaja. Ndinaomba mopinda zikhato monga timachitira kwathu polonjera akulu. Ndipo ndinakumva kuomba kwangako kukubwerera m'mahedifoni, kochepa, kwapatali, kutadzera pachifuwa pawo.

"Ndagha, mwana wanga," anatero, kuthokoza m'chinenero chawo.

Mapazi a alamu anamveka akubwera, madzi akukhavukira m'kapu.

"Tata, mukulankhula ndi ndani? Nanga akuomba m'manjayo?"

"Ndi mlamu wako, akuyesa makina ake," inatero nkhalambayo m'Chinkhonde, n'kumwa madzi. Ndinamva akutsika kukhosi.

Anamwalira mpunga wotsatira usanakhwime. Pamaliro alamu ndi amene anakhala kumutu kwa bokosi, ine ndinali kutali ndi amayi ophika, monga mwa mwambo. Kanema uja amaonetsedwa achibale akasonkhana, ndipo alamu amalira pamene pakutchulidwa bulangete, anthu n'kumawasisita pamsana. Nsanje sinathe, ndinganame. Ndikamaona dzanja lawo lili paphewa la jekete lija mtima umandiwawabe, chifukwa iwo anagwira, ine ndinangomva.

Pamene tinkakonza kanemayo, mwamuna wanga anaona pa kompyuta kuti mawu ndi aatali kuposa chithunzi.

"Amake ana, pali kuomba m'manja kwina apa, koma chithunzi chake palibe. Ndi chiyani?"

Ndinamulanda mahedifoni asanavale. "Pamenepo musiye, m'panga."

Anandiyang'ana, n'kubwerera pa kompyuta yake. Alamunso anapempha kuti ndiwatumizire mawu onse a bambo awo. Ndinawatumizira onse a pa kanema, mpaka dzina la ng'ombe. Kagawo kopanda chithunziko ndinakasunga pandekha. Ndikanatha kukatsegula pamaso pa abale onse kuti amve za mchere woitanitsa uja, ndipo masiku ena alamu akandikwiyitsa chala chimayabwa. Koma akangomva ndiye kuti ndagawana nawo, ndipo iwo anali nawo bambo awo moyo wonse.

Mwezi watha anabwera kudzationa, ndi shuga ndi buledi monga kale. Ndinaphika mbalagha. Anadya kamodzi, anakwinya nkhope.

"Alamu, koma mchere! Kodi simudzachepetsa?"

Ndinawasunthira kapu ya madzi pafupi, n'kupitiriza kudya.